Chingwe cha Kapitawo

Chaka chimene ndinali mu Fomu 4 matako anga sanakhale pansi. Amayi ankati ndikuyenda ngati nkhuku yofuna kuikira, ndipo sankanama. Ndikakhala m'kalasi maso anali pawindo. Ndikatuluka miyendo inkandikokera ku positi ofesi ya pa boma, ndipo ndikapeza kuti kulibe kalata ndinkabwerera chothamanga ngati kuti kalatayo yandidutsa panjira. Chimene chinandisowetsa mtendere chonchi chinali koleji ina ya ku Amereka, imene inkatenga anyamata aliwiro, kuwaphunzitsa, kuwadyetsa ndi kuwagoneka, bola aziithamangira pa mipikisano.

Kuthamanga sindinaphunzire kwa munthu. Kwathu ndi kufupi ndi Likhubula, kunsi kwa phiri, ndipo patchuthi chilichonse ndinkakwera kukasenza matabwa a mkungudza kumene ankacheka. Wotsika msanga ankabwerera ulendo wachiwiri dzuwa lisanapendeke, choncho miyendo inakhwima mwini wake asakudziwa. Amene anazindikira anali aphunzitsi athu a masewera, munthu wamfupi wosachedwa kutuluka thukuta, amene pinto sinkachoka m'khosi mwawo ngakhale kutchalitchi. Iwowa ankalemberana makalata ndi mzungu wina amene anaphunzitsapo pasukulu pathu, ndipo panthawiyo ankathandiza kuphunzitsa othamanga pa koleji ija. Mzunguyo analemba kuti ngati pali mnyamata wa mutu wabwino amene angathamange mailo imodzi m'nthawi yakutiyakuti, amutumizire dzina. Aphunzitsi anandiitana, n'kundiwerengera kalatayo kawiri. Kuyambira tsiku limenelo tulo tanga tinachepa.

Panali vuto limodzi. Akolejiwo ankafuna nthawi yothamangira pa bwalo lopimidwa bwino, lozungulira kanayi kuti ikwane mailo, ndiponso ahedi asaine kuti aona ndi maso. Ife bwalo lathu linali la mpira, ndipo pa tsiku la masewera tinkangokhoma zikhomo mongoyerekeza ndi mapazi. Tepi yokhayo pasukulu ponse inali ya atsikana osoka. Aphunzitsi anakanda mutu, kenako anandiyang'ana.

"Kodi iwe, bambo ako si akapitawo ku esiteti? Chingwe chopimira ali nacho?"

Anali nacho. Bambo anga anali kapitawo wa gulu lopalira m'minda ya tiyi. Kumeneko ntchito inali ya mgwazo: m'mawa uliwonse kapitawo ankapimira munthu aliyense ndime yake, ndipo womaliza ndiye ankalembedwa kuti wagwira ntchito tsikulo. Chopimira chinali chingwe cha khonje, chotalika mayadi makumi awiri ndi awiri, chokhala ndi mfundo kumapeto konse kuwiri. Bambo ankachisamala kuposa jekete lawo la Lamulungu. Anali munthu wosayankhulayankhula, wobadwira kutsidya kwa Muloza, ndipo Chichewa chawo chinkatsetsereka ku Chilomwe akakwiya kapena akakondwa. Anthu a m'gulu lawo ankawakonda modabwitsa. Amayi okalamba ankatisiyira nthochi ndi nandolo pakhomo, akumati, "Akapitawo athuwa ali ndi dzanja labwino." Ine ndinkangoti n'chifukwa choti sankakalipira anthu.

Ndinawauza za bwalo lija, ndipo anangofunsa funso limodzi.

"Ndiye iweyo uzikazungulira pamenepo kangati?"

"Kanayi, Ababa. Koma pokonzekera ndizizungulira mwina makumi awiri, tsiku lililonse."

"Makumi awiri," anatero akupukusa mutu. Anali atandionapo kamodzi ndikusanza kuseri kwa nyumba nditabwera kothamanga, ndipo sanaiwale.

Anabwera Loweruka masana ataweruka, chingwe chili paphewa. Aphunzitsi anali atawerengera kale kuti zingwe makumi awiri zikwana kuzungulira kamodzi. Ntchito tinagawana chonchi: ine ndinkagwira mfundo ya kumbuyo pa chikhomo, bambo ankapita patsogolo akuyala chingwe, n'kukhoma chikhomo china pamene chathera, ndipo aphunzitsi ankatsatira ndi chidebe cha laimu akujambula mzere, kukulitsa kapena kuchepetsa makona mpaka zingwe zitakwana ndendende. Ndinaona ndithu kuti bambo ankagwira chingwe mwa mtundu wawo, mkono utapindika, koma ndinangoti ndimo agwirira akatswiri. Komanso maganizo anga sanali pamenepo. Ndinali kale m'ndege.

Patapita milungu itatu ndinathamanga mailo ija pamaso pa ahedi. Mawotchi anali awiri, ya sukulu ndi ya pamkono ya ahediwo, ndipo anagwirizana. Aphunzitsi atayang'ana wotchi anaimba pinto popanda chifukwa, kenako anavina pang'ono, ana asukulu n'kufa nazo kuseka. Nthawi yanga inali yabwino kuposa imene mzungu uja anatchula, ndi masekondi angapo ndithu. Ahedi anasaina, n'kudinda chidindo, ndipo kalata ndinakaponya ndekha. Madzulo ake ndinauza bambo kuti ndaphwanya nthawi ya azungu. Anamwetulira, n'kuti, "Eya, sunatope kwambiri eti?"

Yankho linabwera mu envulopu yonenepa, muli mafomu ndi kabuku ka zithunzi: nyumba zazitali za njerwa zofiira, anyamata atavala majuzi, bwalo losalala ngati mbale. Kabukuko ndinakatsegula mpaka kanang'ambika pakati. Ndiye inayamba nyengo yothamangira zinthu zina zosakhala mailo. Ndinapita ku Blantyre kukalemba mayeso a Chingerezi, m'chipinda mmene munthu ankayankhula mu makina, Chingerezi cha m'mphuno chimene ndinkamva theka. Ndinameta mpala wosakwanira kuti ndikajambulitse zithunzi, chifukwa masiku amenewo tsitsi lalitali linkakuikitsa m'madzi otentha. Za pasipoti zinafuna kalata ya atcheyamani a chipani a kudera kwathu, amene anayamba ayang'ana khadi langa la chipani kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundilangiza kuti kunjako ndikatseke pakamwa pa nkhani za dziko, miyendo yokha ndiyo ikayankhule. Ndinavomera zonse. Akanati ndidye khadilo ndikanadya.

Kumudzi nkhani inali itafala. Anzanga osenza matabwa anayamba kunditcha Mwamereka. Azakhali anabwera kudzandiuza kuti ndisakakwatire mzungu wosadziwa kusinja. Ine ndinayamba kuyenda ngati mlendo pakhomo pathu, kuyang'ana zinthu ngati ndikutsanzikana nazo, ndipo ndikuvomera kuti ndinayamba kanyada. Amayi ankandiyang'ana cham'mbali n'kumati, "Iwe, kuthamanga si kufika." Ndinkakwiya nawo mawu amenewo.

M'mafomu aja munali mzere umodzi wopempha zotsatira za mpikisano waukulu wa masukulu, umene unkachitikira pa bwalo lalikulu ku Blantyre. Aphunzitsi anati n'zongokwaniritsa mwambo. Tinakwera basi tili ndi chikhulupiriro choti ndikangotenga chikho.

Mpaka lero thupi langa limakumbukira mpikisano umenewo. Miyendo inali itazolowera kuti ikaponda kangapo pakona, mzere wowongoka wayamba. Pa bwalo lija kona sinkatha. Ndinazungulira koyamba ndikudabwa, kachiwiri ndikukwiya, kachitatu ndikuopa. Pozungulira komaliza mpweya unandithera pamalo pamene kwathu ndikanakhala nditamaliza kale, koma chingwe chomalizira chinali patsogolo, kutali. Ndinafika wachitatu. Nthawi yanga inachedwa ndi masekondi oposa khumi poyerekeza ndi imene tinalembera ku Amereka, ndipo pa mailo masekondi khumi ndi mtunda woti munthu sumuona n'komwe nkhope.

Pobwerera m'basi ndinaloza chala chilichonse: nsapato zobwereka, dothi la bwalo, mtsikana amene anandipatsa madzi ozizira, ngakhale anthu ansanje a kumudzi. Basi inadutsa Thyolo. Kenako aphunzitsi anati, "Mnyamata sachedwa chonchi m'miyezi yochepa popanda malungo. Mawa tikabwereke tepi."

Anakabwereka tepi yachitsulo kwa anthu a zankhalango ku Likhubula, ndipo tinapima bwalo lathu awiriwiri kukuwaza chiperoni. Tinapima kawiri. Bwalo linali loperewera pafupifupi chingwe chathunthu pa kuzungulira kulikonse. Ndiye kuti pa mailo yanga yotchuka ija panali mayadi ngati makumi asanu ndi atatu amene sindinawathamange. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa. Aphunzitsi anati mwina khonje linafota ndi mvula, choncho Lamulungu ndinatenga chingwe cha bambo mwakachetechete, tinachiyala pambali pa tepi. Chinali chokwanira ndendende, mfundo mpaka mfundo.

Lolemba sindinapite kusukulu. Ndinatsatira bambo kumunda, ndikufuna kuwafunsa kuti tinalakwitsa pati powerenga. Ndinawapeza atayamba kale kupima. Ndinaima pansi pa mtengo wa mthunzi, pakati pa mizere ya tiyi, kudikira kuti amalize. Anapimira mnyamata wina wadzitho, chingwe chonse, mkono uli wowongoka. Kenako inafika ndime ya mayi wina wokalamba amene ndinkamudziwa, wa chifuwa chosatha, mmodzi wa otisiyira nandolo aja. Bambo anaponya maso kumsewu kumene kunaima galimoto ya bwana wa esiteti. Ndiye anakola chingwe pa chala chachikulu, n'kuchizunguliza pa chigongono kamodzi, n'kuchibwezera pa chala, zonsezi akuyenda osaima. Kwa munthu woonera patali chingwe chinali chokokeka bwinobwino. Koma yadi yathunthu inali itabisala pa mkono wawo. Anakhoma chikhomo, n'kupitiriza, n'kuchitanso chimodzimodzi pa chingwe chachiwiri.

Mkono wopindika uja ndinauzindikira. Ndinali nditauona kokwana makumi awiri pa bwalo la sukulu.

Ndili ndi mtima wapachala, ndipo ndinali nawo kuyambira kale. Ndinadumpha mizere ya tiyi ngati mbuzi, ndipo ndinayamba kukuwa ndisanafike n'komwe.

"Ababa! Ndiye zimenezi munachita ku bwalo kuja? Munakulunga chingwe?"

Makasu onse anaima. Bambo anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumsewu.

"Tsitsa mawu, iwe."

"Sinditsitsa! Mwandinamizitsa kwa azungu, mwanamizitsa ahedi, mwandichititsa manyazi ku Blantyre! Umenewu ndi umbava, Ababa. Mumaba mayadi. Munthu wamkulu ngati inu, wakuba mayadi!"

Ndinanena pamaso pa gulu lawo lonse, ndipo mphepo ikanakhala yolowera kumsewu, ntchito yawo ikanathera pomwepo. Mayi wokalamba uja anagwira pakamwa. Bambo anamasula chingwe pa mkono pang'onopang'ono, n'kuchisiya chigwe pansi.

"Mwanaka," anatero, ndipo liwu limenelo, lotanthauza mwana wanga m'chiyankhulo cha kwawo, sankalitchula kawirikawiri. "Iwe unati uzizungulira makumi awiri tsiku ndi tsiku. Ine ndinakuona ukusanza. Ndiye ana a eni ndiziwachepetsera, wanga yemwe ndimupimire chingwe chonse? Ndimayesa ndi ndime basi, ukamaliza akulemba."

"Si ndime! Kumene kuja amapima ndi wotchi!"

"Sindimadziwa," anatero. Anatola chingwe, n'kupita kukapimira munthu wotsatira.

Ndinafotokozera aphunzitsi zonse, n'kuwapempha kuti tingokhala chete. Ndinati ndikakafika ku Amereka ndikalimbikira, nthawi ikakwana yokha. Anakana. Anati kumeneko tepi ali nayo, ndipo tsiku loyamba lomwe akadziwa. Akandibweza, ndipo sadzakhulupiriranso kalata yochokera ku sukulu ya ku Malawi. Analemba kalata yofotokoza kuti bwalo linapimidwa molakwika, osatchula za mkono wa munthu, n'kundipatsa kuti ndikaponye. Ndinayenda nayo m'thumba masiku atatu. Kawiri ndinafika pa bokosi n'kubwerera. Tsiku lachitatu ndinaiponya mofulumira ngati yotentha, n'kuthamanga mpaka kunyumba kuti ndisaganize.

Milungu yodikira yankho inali yowawa. Ine ndi bambo tinkadya m'mbale imodzi osayang'anana. Yankho litabwera linali lopyapyala, tsamba limodzi. Mzungu uja anathokoza chifukwa cha chilungamo, ndipo anati malo andisungira mpaka kumapeto kwa teremu: ndikakwanitsa nthawi ija pa bwalo loona, zonse zipitirira monga kale. Ndikalephera, malowo apereka kwa wina.

Tinapimanso bwalo ndi tepi yachitsulo. Ndinali ndi milungu isanu ndi umodzi yoti ndipeze masekondi amene ndinkayesa kuti ndili nawo kale. Ndinathamanga m'mawa ndi madzulo, ndinakwera phiri popanda thabwa, ndinaonda mpaka kabudula ankafuna lamba. Mabuku ndinkawerenga nditaimirira chifukwa ndikakhala ndinkagona. Sabata iliyonse wotchi inkandibwezera sekondi imodzi kapena ziwiri, mwaumbombo, ndipo ine ndinkawerenga masiku otsala ngati wodwala.

Tsiku lomaliza bambo anabwera osaitanidwa, atavala jekete la Lamulungu, chingwe chili paphewa. Ulusi womalizira unali utaduka, ndiye aphunzitsi, amene ankadziwa zonse, anawapempha kuti agwire chingwe chawocho pa mzere, mbali ina atagwira ahedi. Bambo anagwira mfundo ndi zala ziwiri zokha, mkono utawongoka, kuti aliyense aone.

Ndinathamanga bwino tsiku limenelo, kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Potuluka pa kona yomaliza ndinamva aphunzitsi akuwerenga masekondi mokuwa, ndipo ndinadziwa kuti zili pafupi kwambiri. Maso anga anali pa chingwe, ndipo ndinaona phazi la bambo likunyamuka kubwera mbali yanga. Thupi lawo lonse linapendekera kwa ine. Kenako phazilo linabwerera pa mzere wa laimu, n'kukhazikika. Ndinagunda chingwe ndi chifuwa, n'kugwa. Ndinachedwa ndi masekondi atatu.

Bambo anandidzutsa, anandipukuta udzu kumaso ndi mkono wa jekete. Ndinalira madzulo ake ndili ndekha kumtsinje, ndipo ndinalira ndi mkwiyo, chifukwa ndinkaganiza kuti ndikanadziwa choona kuyambira pachiyambi, miyezi yonse ija ndikanaithamangira masekondi amenewo m'malo mojambulitsa zithunzi ndi kuyenda monyada. Mwina n'zoona. Kalata yomaliza yochokera ku Amereka inali yaulemu kwambiri, ndipo sindinaisunge.

Ndinkayesa kuti woluza pa nkhani yonseyi ndinali ine ndekha. Mvula itayamba, udzu utakula m'minda ya tiyi, ndinakumana ndi mayi wokalamba uja panjira ya kuchigayo. Anali masana a tsiku lantchito, choncho ndinamufunsa ngati akudwala. Anatula dengu, n'kutsokomola kaye.

"Ntchito ndinasiya, mwana wa akapitawo. Ndime sindimaliza masiku ano, ndiye amangondilemba kuti sindinabwere. Kodi bambo ako aja unawatani? Chingwe chawo chinatalika kuyambira tsiku lija."

Ndinafika pakhomo thukuta lili kamukamu. Bambo anali pakhonde akukonza mpini. Ndinagwada pafupi nawo, chinthu chimene ndinali ndisanachite kwa miyezi.

"Ababa, ndinayankhula zopusa kumunda kuja. Za bwalo zinatha. Kumundako muzikulunga monga kale."

Anapitiriza kupala mpini kwa kanthawi.

"Ndimafuna," anatero. "Koma ndikati ndikole pa chala, ndimamva mawu ako."

Anagwira ukapitawo zaka zina zinayi, ndipo anthu a m'gulu lawo anandiuza kuti sanakulungenso. Nandolo ndi nthochi zinasiya kubwera pakhomo. Ine ndinadzapita ku koleji ya uphunzitsi konkuno, ndipo za ku Amereka ndinasiya kudandaula kalekale. Chingwe chija ndili nacho, chili m'sutikesi. Chakumapeto kwake kuli kachigawo kakuda ndi kosalala, kumene thukuta la mkono linalowa kwa zaka zambiri. Ndikakola pa chala n'kuzunguliza pa chigongono, kachigawoko kamakwana pa mkono wanga ndendende.